Aqua, Leaf kapena Outlander: Kodi Magetsi Ake Amachokera Kuti?

Funso: Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ku City Centre. Ndatopa ndi kuswera pa mizere ya mafuta, ndiye ndikufuna kugula galimoto yamagetsi. Wogulitsa wina akuti nditenge Toyota Aqua chifukwa ndi yamagetsi. Alamu anga akuti Aqua imamwa petulo basi, yamagetsi yeniyeni ndi Nissan Leaf. Mnzanga wina watchulanso Outlander yochita kutchaja. Kodi kusiyana kwake n'kotani, nanga magetsi ake amachokera kuti? Kawiri kapena katatu pa chaka ndimapita kumudzi ku Mulanje. *Mayi wa ku Area 25*

Yankho: Zikomo mayi. Alamu anuwo akunena zoona. Wogulitsayo sanakunamizeni kwenikweni, koma sanakuuzeni zonse. Aqua ili ndi mota yamagetsi komanso batire loyendetsa motayo, koma ilibe polowetsa pulagi, ndipo simudzaitchaja ngakhale tsiku limodzi. Mphamvu yonse yoyendetsa Aqua imayambira mu thanki ya petulo. Choncho munthu akakulozerani galimoto n'kunena kuti ndi yamagetsi, muyambe mwamufunsa kuti mphamvu imalowera pati. Pali ena oti imalowera pa pampu ya mafuta, ena pa soketi, ena ponse pawiri. Magalimoto atatu mwatchulawa akuimira magulu atatu amenewa ndendende.

Onsewa ali ndi zipangizo zitatu zofanana: batire, invita ndi mota yozunguza matayala. Amene ali ndi sola pakhomo invita amaidziwa kale. Batire limatulutsa magetsi a DC (oyenda njira imodzi), mota imafuna a AC (a mtundu wa amene amabwera m'nyumba kuchokera ku ESCOM), ndiye invita imakhala pakati n'kumasintha, ndipo mukaponda kwambiri imatumiza magetsi ochuluka ku mota. Mota imakoka ndi mphamvu zake zonse kungoyambira pamene galimoto yaima. N'chifukwa chake Leaf ilibe magiya osinthasintha, ndipo pobwerera m'mbuyo mota imangozungulira chobwerera. Injini ya petulo imawononga kwambiri: pa mphamvu imene ili mu lita imodzi, yofika ku matayala nthawi zambiri siposa gawo limodzi mwa magawo atatu, yotsalayo imathera m'kutentha kwa redieta ndi ekisozi. Mota imagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a magetsi amene yalandira.

Mota ili ndi luso linanso. Matayala akamaizunguza, imasanduka jenereta. Potsika mtsetse wa Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, galimoto wamba imafika pansi mabuleki akununkha. Galimoto yokhala ndi mota imatsika mota ikugwira matayala, ndipo mphamvu imene ikanapsereza mabuleki imabwerera mu batire. M'tauni zimenezi zimachitika pa loboti iliyonse ndi pa hampu iliyonse.

Tiyambe ndi Aqua, poti ndi imene yadzaza m'misewu yathu. Ili m'gulu la hybrid, limene linatchuka ndi Toyota Prius imene inatuluka ku Japan mu 1997. Aqua inabwera kumapeto kwa 2011, ndipo Honda Fit Hybrid, Axio, Fielder ndi Sienta za hybrid zili m'gulu lomweli. Ili ndi injini ya 1.5 yothandizana ndi mota. Batire lake ndi laling'ono kwambiri, silikwana n'komwe 1 kWh. Kuti mumvetse bwino, yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi 1 kWh. Ndiye kuti batire lonse la Aqua silisunga ngakhale yuniti imodzi. Ntchito yake si kukufikitsani kutali ayi, koma kutolera mphamvu ya pa mabuleki ndi yotsala ku injini, n'kuibweza ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono. Pa mzere wa magalimoto injini imazima, mota n'kumakokera. Pa magetsi okha imatha kilomita imodzi kapena iwiri, pa liwiro lotsika, kenako injini imalira. Phindu lake ndi loti Aqua yosamalidwa bwino imapitirira makilomita 20 pa lita imodzi. Pa mzere wa mafuta mudzaimabe, koma mwa apo ndi apo.

Pali zinthu zitatu za hybrid zimene ogulitsa satchula. Choyamba chikukhudza vuto lathu lomweli la kusowa kwa mafuta. Petulo akatha, anthu ena amaganiza kuti angoyendera batire mpaka kufika kunyumba. Musayese. Hybrid ya Toyota ilibe sitata ngati ya galimoto wamba, injini imalizidwa ndi mota pogwiritsa ntchito batire lalikulu lija. Mukalikhetsa mpaka pansi, ngakhale mubwere ndi chigubu cha petulo galimoto sidzalira, kukankha sikuthandiza, ndipo pamafunika tchaja yapadera imene magalaja ambiri alibe. Chachiwiri ndi fumbi. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limazizira ndi kafani kokoka mpweya kudzera pa timabowo ta m'munsi mwa mpandowo. Fumbi la mwezi wa September, tsitsi, ulusi wa matumba, chitenje chimene chagwera pamenepo, zonsezi zimatseka mpweya, batire limatentha n'kufa msanga. Uzani amakaniko azitsuka kafaniko, ndipo osaunjika katundu pa timabowoto. Chachitatu, potsika mtsetse wautali kabatireko kamadzaza m'mphindi zochepa n'kusiya kulandira magetsi. Pamenepo ikani giya pa B kuti injini ithandize kugwira galimoto.

Mawu akuti hybrid amalembedwanso pa magalimoto ena osiyana kwambiri ndi Aqua. Ma Suzuki ang'onoang'ono ambiri ali ndi kamota kongothandiza injini ponyamuka, kosatha kuyendetsa galimoto pakokha. Amapulumutsa mafuta pang'ono basi. Nissan Note e-Power, imene inayamba mu 2016, ndi yamtundu wina: matayala amazunguzidwa ndi mota yokha nthawi zonse, ndipo injini yake ya 1.2 ntchito yake ndi kupanga magetsi basi. Poyendetsa imamveka ngati Leaf, koma nayonso ilibe pulagi. Chakudya chake ndi petulo.

Outlander imene mnzanu watchula ndi Mitsubishi Outlander PHEV, ya m'gulu la plug-in hybrid, imene inatuluka mu 2013. Ili ndi zitseko ziwiri, china cha petulo, china cha pulagi. Zoyambirira zinali ndi batire la 12 kWh, lokwana makilomita 40 kapena kuposerapo pang'ono likakhala latsopano. Batire likatsika, injini imalira n'kupitiriza ulendo ngati hybrid wamba. Prius PHV ili m'gulu lomweli. Pa pepala, galimoto yotereyi ndi yokuyenerani kwambiri: sabata yonse kuntchito pa magetsi, ku Mulanje pa petulo. Koma ndimaichitira mantha pang'ono ikakhala yakale. Mwagula magalimoto awiri m'thupi limodzi, ndiye kuti injini ikufuna oyilo ndi mapulagi ake, mbali yamagetsi nayo ili ndi zake zowonongeka. Ndipo ngati simuitchaja, kapena batire linatopa kale ku Japan, muzingoyenda ngati munthu wonyamula matumba angapo a simenti tsiku lililonse, petulo akupita. Zina zochokera ku Japan zimakhala ndi soketi mkati yoti n'kulumikizapo zipangizo za m'nyumba, koma imatulutsa 100V, pamene firiji ndi TV zathu zimafuna 230V. Musaiwerengere pa nthawi yozima magetsi.

Tsopano Leaf. Iyi ndiye yamagetsi okhaokha: ilibe injini, thanki, ekisozi, oyilo wa injini ngakhale lamba wa taimingi. Magalimoto a Tesla ndi ena a BYD ya ku China ali m'gulu limeneli. Leaf inayamba kugulitsidwa mu December 2010 ndi batire la 24 kWh. Kenako kunabwera la 30 kWh, mu 2017 thupi latsopano ndi batire la 40 kWh, ndipo mu 2019 la 62 kWh. Manambala amenewa ndiwo kukula kwa thanki yake. Galimoto ya msinkhu umenewu imadya pafupifupi mayunitsi 15 pa makilomita 100, ndipo amakwera mukathamanga kwambiri, mukayatsa eyakoni kapena mukamakwera mapiri.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa tsiku mumayenda makilomita 40, kuphatikizapo kusiya ana kusukulu ndi kudzera kumsika. Amenewo ndi mayunitsi 6, tingoti 7 poti ena amatayika potchaja. Pa makilomita 100 mufunika mayunitsi 17, pamene Aqua ifuna malita 4 kapena 5, ndipo galimoto wamba malita 7 kapena 8. Tengani risiti yanu ya mayunitsi ndi mtengo wa petulo umene a MERA alengeza, muchulukitse nokha. Muona chifukwa chake anthu amene anazolowera kutchaja safunanso kumva za pampu.

Vuto lili pa ulendo wa kumudzi. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi pafupifupi makilomita 310, ndipo Mulanje akadali patsogolo. Leaf ya 40 kWh ili yatsopano imayenda pafupifupi makilomita 240. Ya 24 kWh imene yagwira ntchito zaka khumi ku Japan nthawi zambiri sifika n'komwe 100, ndiye kuti ikhoza kukutayani musanadutse Dedza kwenikweni. M'mayiko mmene muli matchaja othamanga m'mbali mwa msewu, munthu amaima theka la ola kapena kuposerapo, batire n'kufika pa 80 peresenti. Matchaja amenewa amathira magetsi a DC molunjika mu batire, pa mphamvu ya 50 kW kapena kuposa. Kuno ndi osowa kwambiri, moti simungakonze ulendo modalira iwo. Ngakhale mutaipeza, pulagi iyenera kugwirizana: ya ku Japan ndi CHAdeMO, ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito CCS2, ndipo magalimoto opangidwira msika wa ku China amabwera ndi GB/T. Sizilowana.

Choncho kutchaja kwanu kudzakhala kwa pakhomo, usiku. Soketi yathu ya mano atatu imapirira 13A pa 230V, koma kuikoka mpaka pamapeto kwa maola ambiri kumaitenthetsa mpaka kusungunuka. Matchaja abwino a pa soketi amakoka 10A, kutanthauza 2.3 kW. Pa liwiro limeneli mayunitsi 7 anu a tsiku amalowa m'maola atatu, koma kudzaza batire la 40 kWh kuchokera pansi ndi maola 17 kapena kuposa. Mukhoza kuikitsa tchaja ya pakhoma ya 7 kW, koma dziwani kuti ma Leaf ambiri a ku Japan amalandira 3 kW yokha pa magetsi a m'nyumba, ndiye mukhala mwawonongera ndalama mphamvu imene galimoto singameze. Chofunika kwambiri ndi waya. Itanani amisiri a magetsi ovomerezeka akoke laini yakeyake kuchokera pa bokosi la mabureka, yokhala ndi bureka yake ndi waya wa pansi wogwira bwino. Ekisitenshoni ya mumsika yodutsa pa windo ndiyo imayatsa nyumba. Aonenso chingwe chimene chabwera ndi galimoto, chifukwa ku Japan magetsi a m'nyumba ndi 100V ndi 200V, ndipo zolembedwa pa kabokosi ka chingwecho ziyenera kulola 230V yathu. Ngati mukukhala nyumba ya lendi ndipo mita mumagawana ndi anzanu, kambiranani kaye ndi alandilodi, chifukwa mayunitsi 7 pa tsiku aoneka ndithu.

Ena amati adzatchajira sola. N'zotheka, koma osati ndi kapanelo koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni. Kuno mapanelo a 1 kW amapereka mayunitsi 4 kapena 5 pa tsiku lowala bwino, ndiye mufunika pafupifupi 2 kW za galimoto yokha. Komanso dzuwa likamawala galimoto imakhala ili ku City Centre. Kuti magetsi a masana adikire mpaka madzulo, pafunika mabatire ena a pakhomo, ndipo mtengo umakwera.

Mwafunsa kumene magetsiwo amachokera. Kuno kwathu yankho lake ndi losangalatsa, chifukwa ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire. EGENCO imawapanga ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ESCOM n'kuwafikitsa pakhomo panu. Pawonjezeraponso sola ya 60 MW ku Salima ndi ya 20 MW ku Golomoti. Petulo timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowazi, n'kubwera pa matanka kuchokera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Leaf yotchajidwa ku Area 25 kwenikweni ikuyendera madzi a m'nyanja yathu. Mbale wanu wa ku Johannesburg akatchaja yake, mbali yaikulu ya magetsiwo ndi malasha a Eskom, kampani ya magetsi ya kumeneko, ndiye utsi wangosamuka kuchoka pa ekisozi kupita ku Mpumalanga, kumene amawotchera malashawo. Koma kudalira madzi kuli ndi zowawa zake. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira mpaka chaka chotsatira. Anzathu a ku Zambia anaona zomwezo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala. Chotonthoza n'choti galimoto siifuna magetsi usiku wonse. Akabwera maola atatu kapena anayi, mawa mupita kuntchito, ndipo batire la 40 kWh lodzaza likhoza kukusungani masiku angapo.

Pa galimoto yamagetsi yogwiritsidwapo kale ntchito, chimene mukugula kwenikweni ndi batire. Ndilo chipangizo chodula kuposa china chilichonse, ndipo limachepa mphamvu chaka ndi chaka. Pa dashibodi ya Leaf yakale, kumanja kwenikweni, kuli timizere 12 tating'ono tosonyeza thanzi la batire. Musatisokoneze ndi mizere yaitali yoyandikana nato, yosonyeza kuchuluka kwa tchaji ya tsikulo. Kamzere koyamba kamazima batire likataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu yake, totsatira timazima msangamsanga. Galimoto ya timizere 8 kapena 7 ndi yotsika mtengo pa intaneti pa chifukwa chimenechi. Amakaniko odziwa amalumikiza kachipangizo pa kasoketi koyezera galimoto kotchedwa OBD n'kuwerenga thanzi lenileni pa foni ndi pulogalamu ya LeafSpy. Mdani wamkulu wa batire la ma Leaf tatchulawa ndi kutentha, poti lilibe madzi oliziziritsa monga zilili pa Tesla. Eni ma Leaf a ku Arizona ku America anadandaula za zimenezi kale mu 2012. Ku Lilongwe n'kwabwinoko, koma munthu wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Mangochi aganize kawiri. Muziimika pa mthunzi, ndipo musamaisiye masiku ambiri ili yodzaza mpaka 100 peresenti kapena itatheratu. Magalimoto ambiri atsopano a ku China ali ndi mabatire a LFP, amene alibe cobalt, amapirira kutentha komanso amalola kudzazidwa kawirikawiri. Ngati thumba likulola, kwa nyengo yathu ndi abwino.

Ndingodutsirapo pa mfundo ina: miyala ya mabatire ndi mamota amenewa ili pafupi nafe. Cobalt wambiri wa padziko lonse amakumbidwa ku DRC, lithium wina amakumbidwa ku Zimbabwe, graphite wina ku Balama ku Mozambique, ndipo kuno kwathu graphite anapezeka ku Kasiya. Miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ya mtundu umene amapangira maginito a mu mota.

Batire la Leaf lili pansi pa galimoto, ndipo galimotoyo ndi yofupika komanso yolemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Misewu ya maenje ndi mahampu aatali amafuna kuyenda mofatsa, matayala ndi mashoko amatha msanga. Pa magalimoto onse atatuwa, mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi oti n'kupha munthu. Amakaniko a pansi pa mtengo amene sanaphunzire za magalimoto amenewa asawakhudze. Ndipo onsewa ali ndi kabatire wamba ka 12V koyatsa makompyuta. Kakafa kameneka galimoto siyaka, ngakhale batire lalikulu litadzaza.

Pali gulu lachinayi limene mungowerenga m'nkhani. Toyota Mirai ya 2014 ndi Hyundai Nexo zimanyamula mpweya wa hydrogen m'matanki opopedwa mwamphamvu, ndipo chipangizo chotchedwa fuel cell chimausakaniza ndi mpweya wa kunja n'kupanga magetsi oyendetsa mota. Ku ekisozi kumangotuluka madzi. Malo othirira hydrogen ndi ochepa ngakhale ku Japan ndi ku California. Imeneyi iiwaleni.

Kumene magetsi akuthamanga kwambiri mu Africa muno si pa magalimoto a anthu ngati inu ndi ine, koma pa njinga zamoto ndi mabasi. Ku Kigali akabaza a njinga za Ampersand sadikira kutchaja, amangosiya batire lotha n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa. Ku Nairobi mabasi a BasiGo amatchajidwa usiku ku depoti n'kuswera pa msewu. Ethiopia, imene ili ndi magetsi ambiri a madzi koma imavutika ndi ndalama zogulira mafuta ngati ife, inaletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo.

Kwa inu mayi, ndikanati motere. Ngati pakhomo padzakhala galimoto imodzi yokha, ndipo ya ku Mulanje ndi yomweyo, tengani hybrid ngati Aqua kapena Fielder. Zipangizo zake zimapezeka, amakaniko oidziwa alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo thanki imodzi ikufikitsani kumudzi. Ngati muli ndi mpanda wanuwanu, mita yanuyanu, ndipo ku Mulanje mukhoza kupita pa basi kapena pa galimoto ina, Leaf ya 40 kWh idzakuchotsani pa mzere wa mafuta kotheratu. Ya 24 kWh ndingakulangizeni pokhapokha mtengo uli wotsika kwambiri ndipo timizere tili 10 kapena kuposa. Outlander itengeni ngati mwapeza munthu woyeza batire lake musanalipire. Musanaitanitse iliyonse, funsani ku MRA msonkho wa mtundu umenewo pa nthawiyo, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti. Kenako wogulitsa akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyaka, chooneka bwino makilomita, komanso timizere tija ngati ndi Leaf. Akamazengereza, musatumize ndalama.